Mizinda isanu, masiku 12, mapaundi 800: kodi zitheka?

Funso: Ndine mtsikana wa ku Malawi, ndikuchita maphunziro ku Manchester. Ine ndi mnzanga tasunga mapaundi 800 aliyense, ndipo tikufuna kuti mu Seputembala tikaone Berlin, Prague, Vienna, Budapest ndi Kraków pa masiku 12, tizikagona m'mahositelo. Masana tizikazungulira, usiku tizikasangalalako. Mnzangayo akuti viza yathu ya ku Britain ndi yokwanira. Kodi ndalamayi ikwana? Nanga atsikana awiri akuda, tikayenda bwino?

Yankho: Achemwali, ndalamayo ikwana, koma osati pa ulendo umene mwalembawu. Tiukonze kaye.

Ndiyambe ndi mnzanuyo, chifukwa mukamumvera ulendo wanu uthera pabwalo la ndege la Manchester pompo. Dziko la Britain silinakhalepo m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene amayenderana popanda zipata pamalire, ngakhale nthawi imene linali mu European Union. Munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, kaya akukhala ku Area 25 kapena ku Manchester, ndipo a ndege sangakukwezeni opanda vizayo. Ubwino wake ndi woti viza imodzi imagwira m'mayiko onse amene mwatchulawa. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90, kuwonjezerapo ndalama ya ofesi yolandira mapepala, komanso inshuwalansi yachipatala yofika mayuro 30,000, imene amaifuna mosanyengerera. Pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka, ndi masamba awiri osadindidwa. Mumaloledwa kupempha miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo ine ndikuti yambani lero, poti chovuta si mapepala ayi koma kupeza tsiku lokaonekera. Nyengo yotentha ikamayandikira masiku amatha ngati mandasi a m'mawa.

Pali lamulo lina limene limagwetsa ambiri. Simusankha dziko lopemphako viza potengera kumene kuli mzere waufupi. Mumapempha ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri, ndipo ngati masiku ali ofanana, ku dziko limene mukayambire kulowa. Ndiye ndondomeko ya ulendo iyenera kupsa musanadzaze fomu. Malo ogona sungitsani amene amalola kusintha maganizo osalipira, kuti viza ikachedwa musalire kawiri.

Tiwerengere tsopano. Viza ndi zonse zake muziika mapaundi 120. Ndege yopita ndi kubwera, mukagula msanga ku Ryanair kapena Wizz Air, muziika 100. Mabasi ndi sitima pakati pa mizinda, 50. Zatsala 530, zomwe pa masiku 12 ndi mapaundi 44 patsiku: pogona, chakudya, zoyendera, zolowera ndi zakumwa. Ku Kraków ndi Budapest ndalama imeneyi mumadya nayo mpaka kutsalako. Ku Prague imangokwana ndendende. Ku Vienna ndi Berlin, bedi lokha likhoza kutenga zoposa theka.

Pachifukwa ichi Berlin ichotseni. Sikuti ndi mzinda woipa, koma ndi waukulu, wodula, ndipo umafuna sabata yakeyake. Anthu oyamba kumene ulendo woterewu amaganiza kuti ndalama imathera pa zoona. Ayi ndithu, zambiri zokongola m'mizinda imeneyi n'zaulere. Ndalama imathera posamuka ndi usiku. Tsiku lililonse losamuka mumalipira tikiti, mumadya zodula pasiteshoni, mumafika mutatopa n'kukwera takisi, ndipo theka la tsikulo lapita muli pampando. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndikanagawa chonchi mausiku anu 11: Kraków (Poland) atatu, Budapest (Hungary) anayi, Vienna (Austria) umodzi, Prague (Czechia) atatu. Mutsikire ku Kraków, mudzakwerere ku Prague, osabwereranso m'mbuyo. Potero viza yanu mukapempha ku Hungary.

Kuchoka ku Kraków kupita ku Budapest ndi pafupifupi maola asanu ndi awiri pa basi, kudutsa m'mapiri a Slovakia. Budapest kupita ku Vienna ndi maola osakwana atatu pa sitima, Vienna kupita ku Prague ndi maola anayi. Yerekezerani mitengo ya FlixBus, RegioJet ndi matikiti otchipa a sitima za ku Austria otchedwa Sparschiene, amene amagwira pa sitima imodzi yokha imene mwasankha. Wina akuuzani kuti mukwere basi ya usiku kuti mupulumutse ndalama ya bedi. Ndinayesapo kangapo ndipo sindilimbikitsa. Umafika 5 koloko m'mawa kukuzizira, hositelo ikupatsa bedi cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndipo tsiku lonse umangoyenda ngati wodwala malungo.

Katundu: chikwama chimodzi choberekera, basi. Ndege zotchipazi zimalola ulere kachikwama kolowa pansi pa mpando, china chilichonse n'cholipira, ndipo kulipirira pageti n'kowawa kwambiri. Misewu ya pakati pa mizinda yakaleyi ndi ya miyala, sutikesi ya mateyala imasanduka mtolo wa nkhuni. Musaiwale adaputa, chifukwa mapulagi a kumeneko ndi a mano awiri ozungulira, osati atatu aja a kwathu ndi ku Britain. Funsaninso a foni yanu ngati amadula ndalama yapadera mukatuluka mu Britain.

Za hositelo. Ngati munagonapo ku sekondale yogonera konko, palibe chachilendo: mabedi osanjikiza, bafa logawana, wina woliza mkonono. Kusiyana kwake n'koti m'chipinda chimodzi mumagona amuna ndi akazi, pokhapokha mutasankha cha akazi okhaokha, chimene chimakwererako mtengo pang'ono. Kwa ulendo woyamba ndingakusankhireni chimenecho, cha mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi. Popeza muli awiri, onaninso mtengo wa chipinda cha awiri, poti nthawi zina kusiyana kwake ndi mabedi awiri n'kochepa. Pa Hostelworld kapena Booking.com musatengeke ndi zithunzi. Werengani madandaulo a miyezi yaposachedwa, ndipo mukaona anthu awiri atatu akutchula nsikidzi, thawani. Mukafika, tukulani matiresi muone m'misoko musanaike chikwama pabedi. Tengani loko wanu wa kabati, thaulo, masilipasi a kubafa ndi zotseka m'makutu.

Mahositelo alipo a mitundu iwiri, ndipo amadzitchula okha. Ena ndi a maphwando: mowa umayamba madzulo, phokoso mpaka mbandakucha, ndipo kumeneko anthu sapitira tulo. Ena ndi abata, okhala ndi khitchini. Sankhani a khitchini, phwando mukalipeza kunja. Khitchiniyo ndiye banki yanu. Chakudya cham'mawa ndi chamadzulo mukagula ku Lidl, ku Biedronka mukakhala ku Poland, kapena ku Hofer ku Austria, mumadya masiku atatu ndi ndalama ya mbale imodzi ya pabwalo la alendo. Pamakhalanso shelefu ya zakudya zimene ena asiya, mpunga, mafuta, mchere, zotenga aliyense. Mukaisowa nsima, ufa wachikasu wa polenta umapezeka m'masitolo ambiri. Si ufa woyera wa kwathu, koma ndi kabichi ndi soseji umatonthoza mtima, ndipo mudzaona azungu akuzungulira poto kufunsa kuti mukuphika chiyani. Chenjerani ndi Lamulungu: ku Austria masitolo amatseka kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu, ndipo ku Poland masitolo akuluakulu amatseka pafupifupi Lamulungu lililonse.

Chakudya chogula chikhale chamasana. Ku Czechia funsani polední menu, ku Hungary napi menü: supu ndi mbale yaikulu pa mtengo wa anthu apantchito. Ku Poland fufuzani bar mleczny, malo odyera otsala kuyambira nthawi ya chikomyunizimu, kumene mumadya pierogi ndi supu moyandikana ndi agogo opuma pantchito ndi ana asukulu. Madzi a pampopi ndi abwino m'mizinda yonseyi. A ku Vienna amachokera ku akasupe a m'mapiri kudzera m'ngalande imene inatsegulidwa mu 1873, ndiye kugula a m'botolo kumeneko n'kutaya ndalama.

Mayiko anayi, ndalama zinayi: złoty ku Poland, forint ku Hungary, yuro ku Austria, koruna ku Czechia. Khadi imagwira pafupifupi paliponse, choncho musasinthe zambiri. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'mapaundi kapena m'ndalama ya dzikolo, nthawi zonse sankhani ya dzikolo, chifukwa mukasankha mapaundi amakusinthirani pa mtengo wawo wokuberani. Tapani ndalama pa makina a banki yeniyeni, osati aja oima paokha pakhomo la sitolo ya zikumbutso. Munthu wokuimitsani mumsewu kuti akusinthireni, mukanireni ngakhale amwetulire bwanji. Ku Czechia kuli lamulo la mu 2019 loti mukasintha ndalama kubyuro n'kuzindikira kuti akupondani, mukhoza kubweza pasanathe maola atatu, pa ndalama yosapitirira mayuro 1,000. Lisiti musataye.

Chinthu china chimene chimalanga alendo ndi tikiti ya mumzinda. M'ma tram, sitima zija zoyenda mumsewu, mulibe kondakitala, ndipo mukhoza kuyenda masiku awiri osafunsidwa. Koma tikiti ya pepala iyenera kudindidwa pa kamakina polowa, apo ayi ili ngati mulibe. Ine ndinalipirapo chindapusa tikiti ili m'manja, yatsopano, yosadinda, ndipo woyenderayo za ulendo wanga analibe nazo ntchito. Ndalama ya chakudya cha masiku awiri inapita pomwepo. Gulani ya maola 24 kapena 72 mupumule.

Ku Kraków simufunikanso zoyendera kwenikweni. Bwalo lalikulu la Rynek Główny, lomwe linayalidwa mu 1257, ndi la mamita pafupifupi 200 mbali iliyonse, ndipo ola lililonse munthu amaliza lipenga pansanja ya tchalitchi cha St Mary, nyimbo yake n'kudukira pakati. Kuchoka apo mumayenda wapansi kukafika paphiri la Wawel, pamene panali likulu la mafumu, kenako ku Kazimierz, dera lakale la Ayuda lomwe lero ndi kumene achinyamata amachezera usiku. Pa Plac Nowy gulani zapiekanka, buledi wautali wowotcha ndi bowa ndi tchizi, mudye mutaimirira ngati ena onse. Tsiku limodzi lipatuleni la msasa wa Auschwitz-Birkenau, ku Oświęcim, makilomita pafupifupi 70 kuchoka mumzinda. Kumeneko chipani cha Nazi chinapha anthu osachepera 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda, msasawo usanamasulidwe pa 27 Januwale 1945. Malo sungitsani msanga pa intaneti, patsamba la malowo lenilenilo. Tsiku limenelo musakonze zokavina madzulo. Simudzafuna.

Budapest ndaipatsa masiku ambiri dala, chifukwa ndi kumene mapaundi anu 44 amagula zambiri. Mzindawu unapangidwa mu 1873 pophatikiza Buda, Óbuda ndi Pest, ndipo mtsinje wa Danube umadutsa pakati: Buda kumapiri, Pest kuchigwa. Gonani ku Pest. Kwerani tram nambala 2 imene imatsata gombe kudutsa pa nyumba ya malamulo, mwaona zimene ena amalipirira boti. Pafupi pomwepo pali nsapato zachitsulo m'mphepete mwa madzi, chikumbutso cha Ayuda amene anawomberedwa pagombepo mu 1944 ndi 1945. Wolokani mlatho wa Széchenyi Lánchíd wa mu 1849, kwerani wapansi kupita ku Halászbástya, khonde la nsanja loonerapo mzinda, kapena phiri la Gellért dzuwa likamalowa. Sitima yapansi ya M1 ndi ya mu 1896, yoyamba ku Ulaya konse kupatula ya ku London, ndipo imakufikitsani ku malo osambira a madzi otentha a Széchenyi, amene anatsegulidwa mu 1913. Kulowa kumeneko n'kodula ndithu. Ngati pali chinthu chimodzi chodula choti mulipire pa ulendo wonse, ine ndingasankhe chimenechi, pakati pa sabata, m'mawa, mutatenga thaulo ndi masilipasi anu kuti asakugulitseni. Njala ikakupezani, lángos: ufa wokazinga m'mafuta ngati chitumbuwa chachikulu chophwatalala, pamwamba adyo, kirimu wowawasa ndi tchizi. Mukaitanitsa gulyás yembekezani supu, si nyama ya ndiwo ayi.

Usiku wa Budapest uli ku District VII, m'mabala amene anatsegulidwa m'nyumba zakale zosiyidwa, mipando yake yotola uku ndi uku. Yotchuka ndi Szimpla Kert mumsewu wa Kazinczy. Pitani cha m'ma 8 koloko mzere usanatalike, zungulirani zipinda zonse, imwani chimodzi, kenako sunthirani ku malo ang'onoang'ono a m'misewu yoyandikana kumene mtengo uli wotsikirako. Tram nambala 6 imayenda usiku wonse mumsewu waukulu wozungulira, ndiye hositelo ikakhala pafupi ndi njira imeneyo takisi simuifuna.

Pankhani ya usikuyi ndilankhule ngati mkulu wanu. Tulukani ndi ndalama ya usiku umenewo yokha, m'manja, khadi yaikulu itsale mu kabati yokhoma. Ikatha, usiku watha. Ndaona anthu akusunga bwinobwino masiku asanu n'kumwaza zonse Lachisanu limodzi. Musalowe malo amene mwaitanidwa ndi munthu wa mumsewu, ndipo musaitanitse chakumwa musanaone mtengo wolembedwa. Msampha wodziwika wa dera la Váci utca ndi umenewu: munthu wochezeka akuti tiyeni ndikuonetseni bala yabwino, bilu n'kubwera ya ndalama ya mwezi, pakhomo pataima zigandanga. Kawirikawiri amakola amuna, koma dziwani. Chakumwa chanu chisachoke m'manja, ndipo mwatuluka awiri mubwerere awiri, ngakhale mnzanuyo atakumana ndi mnyamata wa maso okongola chotani. Takisi itanani pa foni, osakwera yongoima pakhomo la kalabu. Nambala ya ngozi m'mayiko onsewa ndi 112.

Kwa eni kulibe mkuwe. Anthu a m'mizinda imeneyi atopa ndi alendo oledzera. Ku Poland kumwa mowa mumsewu kapena kupaki n'kolakwira lamulo, ndipo apolisi amalipiritsa. Ku Prague nthawi ya bata imayamba 10 koloko usiku, ndipo kumapeto kwa 2024 khonsolo inaletsa makampani kuyendetsa magulu a alendo bala ndi bala kuyambira ola limenelo mpaka 6 koloko m'mawa.

Vienna usiku umodzi, masiku awiri osakwana. Fikani m'mawa, siyani zikwama ku hositelo, pitani ku tchalitchi chachikulu cha Stephansdom, kenako minda ya Schönbrunn imene kulowa kwake n'kwaulere. Madzulo yesani matikiti oimirira a ku Staatsoper, nyumba ya zisudzo zoimba (opera): pa mtengo wa mbale ya chakudya mumaonera zimene ena alipira mayuro mazana, kungoti miyendo ilimbe. Potuluka idyani Käsekrainer pa kawindo ka masoseji. Mabedi a ku Vienna akakhala kuti akwera mosayenera, gonani ku Bratislava, likulu la Slovakia, ola limodzi lokha pa sitima.

Prague ndi yokongola mopweteka, ndipo aliyense amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake pakati pake pamadzaza moti phazi limasowa poponda. Mankhwala ake ndi kulawirira. Mlatho wa Charles, umene anayamba kumanga mu 1357, ukhale wanu 6 koloko m'mawa, chifukwa ikamakwana 10 ndi msika. Wotchi yotchuka ya mu 1410 ioneni podutsa, koma musayembekezere zodabwitsa: tizidole timayenda kwa masekondi ochepa, khamu n'kubalalika likuyang'anana, oba m'matumba atagwira kale ntchito yawo. Mabwalo a Prague Castle mumalowa ulere, mumalipira mukafuna kulowa m'nyumba zina. Vyšehrad ndi yaulere ndiponso yabata, ndipo ku Letná mumakhala pansi pa mitengo mzinda wonse uli pansi panu. Pogona ndi podyera fufuzani ku Žižkov, Vinohrady kapena Holešovice, mphindi zochepa pa tram, kumene mowa ndi chakudya zili pa mtengo wa eni mudzi. Mukakhala ndi ola lapadera, ku Náprstek Museum amasunga zina mwa zinthu zimene Emil Holub, dokotala wa ku Czechia, anatenga kum'mwera kwa Africa. Ndi yemwe uja anajambula mapu a dera la Victoria Falls atafikako mu 1875, ndipo ku Livingstone kuli chipilala chake.

Funso lanu lomaliza ndi limene ambiri amaopa kufunsa. Mukayenda bwino. Mizinda inayiyi imalandira alendo a mitundu yonse, ili ndi ophunzira ochokera ku Africa, ndipo pakati pake kuyenda usiku sikoopsa kuposa ku Manchester. Koma sindikunamizani: anthu akuda ndi ochepa kuyerekeza ndi ku Britain, ndiye kuyang'anitsitsa kulipo, makamaka kwa achikulire ndi m'matauni ang'onoang'ono. Wina adzafuna kugwira tsitsi lanu, mukanireni poyera. Wina ataledzera akhoza kuponya mawu oipa, ndipo pamenepo musayankhe, lowani m'sitolo kapena sunthirani pafupi ndi dalaivala. Magulu a anyamata ochokera ku mpira apatukireni. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi pamalire: ngakhale m'Schengen mulibe zipata, apolisi amakwera basi kapena sitima nthawi zina, ndipo musadabwe akayambira pa inu. Pasipoti yeniyeni ikhale pathupi tsiku lililonse losamuka, osati chithunzi cha pafoni, pamodzi ndi pepala la inshuwalansi, adiresi ya hositelo ndi tikiti yobwerera. Umboni wa chilolezo chanu cha ku Britain ukhalenso pafupi, chifukwa a ndege adzaufuna pobwerera.

Tsiku lomaliza ku Prague, takisi ya ku bwalo la ndege isiyeni. Kwerani sitima yapansi ya mzere A mpaka Nádraží Veleslavín, apo mukwere basi nambala 59 imene imakutulani pakhomo la bwalolo, zonse pa tikiti wamba ya mphindi 90. Makobidi a koruna amene atsala gulirani buledi ndi zipatso musananyamuke, poti ku Manchester palibe amene adzakusinthireni zitsulo.